Kodi njoka za m'mimba zimayambitsa TB? Yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Amuna awo ayamba kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu (TB), pomwe mwana wawo wa zaka zinayi anatulutsa njoka mwezi watha ndipo tsopano akutsokomola. Apongozi awo akuti njokazo ndi zomwe zabweretsa TB pakhomo. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndi zoona, ndipo kumwetsa mwanayo mankhwala a njoka kukwanira?

Mayi, pepani ndi matendawa. Njoka siziyambitsa TB. TB imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene timakapuma mumpweya wodwala akatsokomola. Njoka zimalowa njira ina: mazira ake timawameza m'zakudya ndi m'manja mosasamba, zina zimaboola khungu la kumapazi tikamaponda dothi lodetsedwa opanda nsapato. Aliyense wodziwa matope a Chibavi, Mchengautuwa kapena Masasa m'nyengo ya mvula, zimbudzi zikasefukira, akudziwa chomwe ndikunena.

Komabe apongozi anu sanaphonye kwenikweni. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anakalandirapo kachilombo ka TB, koma ambiri sadwala chifukwa thupi limakatsekereza. Mwa njira zomwe thupi limamenyera nkhondo ndi matenda, ziwiri ndi zofunika pankhaniyi. Yolimbana ndi TB akatswiri amaitcha Th1, yolimbana ndi njoka amaitcha Th2, ndipo ina ikakwera inzake imatsika. Njoka zikakhalitsa m'mimba zaka ndi zaka, zimakokera chitetezo kumbali yawo, mlonda wa TB n'kuyamba kuodzera. Onjezeranipo kuti njoka zina zimayamwa magazi m'matumbo, mwana n'kuchepa magazi, osanenepa, ndipo kunyentchera ndi khomo lalikulu lolowera TB.

Ku Gondar m'dziko la Ethiopia ofufuza anapeza kuti odwala TB anali ndi njoka kawirikawiri kuposa anzawo a m'nyumba imodzi omwe sanadwale. Kuno kwathu kumpoto tili ndi nkhani yathuyathu. Kafukufuku wa ku Chilumba m'boma la Karonga, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1996, anaonetsa kuti katemera wa TB wotchedwa BCG amateteza ku khate koma sanateteze anthu ku TB ya m'mapapo. Njoka ndi chimodzi mwa zomwe akatswiri ena amaziganizira kuti mwina zimafooketsa katemerayu m'maiko otentha. Musamve molakwa, BCG ndi yofunikabe, chifukwa imateteza makanda ku TB yoopsa ya muubongo.

Tsopano pamene pandidetsa nkhawa ndi chifuwa cha mwanayo. N'zoona kuti ana a njoka zina amadutsa m'mapapo asanakakhazikike m'matumbo, ndipo munthu amatha kutsokomola masiku angapo. Koma mwana wa zaka zinayi yemwe akugona nyumba imodzi ndi wodwala TB, ine sindingalole kuti tingoti ndi njoka. Ku Gondar komweko anayesa kupatsa odwala TB mankhwala a njoka otchedwa albendazole, njoka zinachepa, koma TB sinachire msanga chifukwa cha zimenezo. Mbulu wa mankhwala a njoka sulowa m'malo mwa kuyezetsa.

Mawa lomwe mutengereni ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, ndipo mukanene poyambirira pomwe kuti bambo ake ali pa mankhwala a TB. Ana aang'ono amavutika kutulutsa makhololo, choncho adokotala amaona sikelo, kutentha thupi, mwinanso kujambula pachifuwa. Akapezeka alibe TB, ana osakwana zaka 5 okhala ndi wodwala amapatsidwa mankhwala oteteza. Akapezeka nayo, mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma. Inunso mukayezetse, pamodzi ndi HIV, poti imeneyo imafooketsa chitetezo kuposa njoka iliyonse.

Za njokazo mukazinene tsiku lomwelo, akamupatse albendazole kapena mebendazole. Ngati mumapita kwanu kunyanja, monga ku Nkhata Bay, ndipo mwanayo amasamba m'madzi, mukatchulenso likodzo, pakuti mankhwala ake ndi ena, praziquantel. Bambo amalize miyezi 6 yonse ngakhale atayamba kumva bwino, ndipo mazenera muzitsegula masana, ngakhale ndikudziwa mmene Mzuzu amazizirira mu Juni.