Za naitrojeni m'matayala

Bambo, mwafunsa ngati kupopa matayala ndi naitrojeni kuli ndi phindu kuposa mpweya wamba. Phindu lilipo, koma kwa ine silokwanira kulipirira, chifukwa mpweya umene timapumawu uli kale ndi naitrojeni wokwana 78 peresenti. Naitrojeni wa m'botolo alibe chinyezi, sakolezera moto, ndipo amachedwerapo kutuluka m'tayala, n'chifukwa chake amaikidwa m'matayala a ndege. Kwa ife oyenda mu Lusaka, kapena olowera ku Chipata pa Great East Road dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, choopsa chenicheni ndi tayala lophwa, limene limatentha mpaka kuphulika. Ine ndimayeza mpweya mwezi uliwonse m'mawa, matayala asanatenthe, motsatira manambala olembedwa pachitseko cha dalaivala, osaiwala la sipeya.