Cornerback musamuyese ndi liwiro lokha

Achimwene, mwafunsa za mnyamata wosewera mpira wa ku America ngati cornerback (wotchinga adani owakha mpira), amene akufuna kulowa mu ligi ya NFL. Mnyamatayo musamuike pamwamba pa draft (posankha osewera atsopano ochokera kukoleji) chifukwa chongoti wathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.3 ku Combine ya ku Indianapolis, komwe ofuna kulowa NFL amayesedwa luso. Onerani kaye magemu ake athunthu a kukoleji, atatu kapena anayi, makamaka amene analimbana ndi ma receiver (owakha mpira woponyedwa) oopsa.

Ine maso anga amakhala pachiuno ndi pamapazi. Akamabwerera chafutambuyo, receiver n'kukhota mwadzidzidzi, kodi amatembenuka mofewa, kapena amaponda kaye phazi lina loonjezera? Kaphazi kamodziko n'kamene mpira umadutsira. Mukatero yang'anani manja. Kukoleji amaloledwa kukankha receiver amene ali patsogolo pake mpira usanaponyedwe, pomwe ku NFL akachita zimenezi atadutsa mayadi 5, kansalu kachikasu kosonyeza chilango kagwa basi. Chilango cha pass interference (kusokoneza receiver pofuna kuwakha mpira) kukoleji sichipitirira mayadi 15, koma ku NFL mpira amakauika pomwe walakwirapo. Ndinatengekapo mtima ndi mnyamata wina wothamanga ngati mphezi, osaona kuti akapitiriridwa ankakoka jezi ya mnzake. Atalowa NFL zilango zinamuchulukira, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Kumbukirani cornerback Richard Sherman wa ku yunivesite ya Stanford. Liwiro lake silinali lodabwitsa, timu ya Seattle inamutenga mochedwa, mu round 5 ya draft mu 2011, koma ankadziwiratu kumene receiver akulowera.

Za bondo lomwe mwati mnyamata wanuyo anavulalalo, musaweruze poonera vidiyo. Dikirani mawu a madokotala amene amupima, poti ku Combine osewera amapimidwa thupi lonse.