Lyman 310 ya agogo sinathe ntchito, imangofinya khosi lokha

Mmodzi mwa awerengi wandilembera imelo yodandaula. Akuti malemu agogo ake anamusiyira chida cha Lyman 310 chokonzera zigoba za zipolopolo zowombedwa kale kuti aikemonso onga ndi chipolopolo, chija chogwira m'manja ngati pulayazi, pamodzi ndi ma die (tizitsulo ta mphako tofinyiramo zigoba) a zipolopolo za mtundu wa .30-30. Anzake anamupatsa zigoba zomwe anawombera kale, iye n'kuzifinya ndi chidacho, koma poziyesa mu mfuti yake ya Winchester 94 zina zikukana kulowa, lever (chogwirira chotsegulira ndi kutsekera mfutiyo) osatsekeka. Funso lake n'lakuti: "Kodi chidachi chinatha, ndichitaye?"

Musachitaye, akulu. Chidacho chikugwira ntchito yomwe anachipangira, kungoti inu mukuchipempha ntchito ina.

Mfuti ikalira, chigoba chimafufuma mpaka kukakamira makoma a chamber (mphako ya mu mfuti momwe chigobacho chimakhala), kenako chimabwererako pang'ono, koma osafika pomwe chinali chili chatsopano. Ndiye kuti chigoba chilichonse chimatenga maonekedwe a mfuti yomwe chinawomberedwamo. Zigoba za anzanuzo zinafufumira mu chamber ya mfuti zawo, ndipo ngati yawoyo ili yotakasuka kuposa yanu, ngakhale ndi kachigawo kosaoneka ndi maso, kwanuko sizilowa.

Tsono 310 imafinya khosi lokha, pomwe pamagwira chipolopolo. Thunthu la chigoba ndi phewa, pomwe thunthulo limachepera polowa ku khosi, siizikhudza. Zifukwa zake zili m'mbiri ya chidachi. John Barlow anayambitsa kampani ya Ideal ku New Haven, Connecticut, mu 1884, n'kumapanga zida zokwana m'thumba za munthu wokhala ndi mfuti imodzi, wobwezera zigoba zake zomwe mu mfuti yomweyo. Lyman inagula Ideal mu 1925, ndipo 310 ndi mdzukulu wa zida zimenezo. Mphamvu ya dzanja pa zigwiriro zazifupi chonchija imakwanira khosi, koma singabweze thunthu lonse la mkuwa. Nayonso Lee Loader, yomwe Richard Lee anatulutsa mu 1958, ija yomenya ndi nyundo, pa zigoba za phewa imafinya khosi basi.

Kwa mfuti ya bolt (yotseka ndi chitsulo chokankha n'kupotoza ndi dzanja) kapena yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, zimenezi n'zabwino kwambiri, ndipo ine ndimazikonda. Mkuwa wa zigoba ndi wosakaniza, magawo 70 kopa ndi 30 zinki, ndipo ukamafinyidwa n'kufufumanso kawirikawiri umauma mpaka kung'aluka. Kufinya khosi lokha kumauchepetsera ntchito, chigoba n'kukhalitsa. Koma lever ilibe mphamvu yokankhira ngati ya bolt, motero chigoba chothina pang'ono chabe chimaikanika. Ngakhale zigoba zanu zomwe, mukaziwombera kangapo mudzamva lever ikuyamba kulimba potseka.

Chofunika ndi kufinya thunthu lonse kamodzi. Ngati mukufuna kukhalabe pa zida zakale, Ideal ndi Lyman ankapanganso die yapayokha ya ntchito imeneyi: kachitsulo kobulungira kokhala ndi mphako, ndi kandodo kake kogogodera. Pukutani chigoba chichoke mchenga, chifukwa kamchenga kamodzi kakakanda m'kati mwa die, mzerewo udzaoneka pa chigoba chilichonse chotsatira. Pakani mafuta ake ndi zala, ochepa kwambiri moti chala chingoterera. Mukachulutsa, mafuta amaunjikana pa phewa n'kulibonyola. Mukaiwala, chigoba chimakakamira mu die ndipo pochichotsa mumatuluka thukuta. Ikani die ndi chigoba pakati pa vaisi, zungulizani pang'onopang'ono chigoba chili chowongoka, mpaka chafika polekezera. Kenako chigogodeni ndi kandodo kaja chituluke. Ena amalowetsa ndi nyundo ya mtengo, koma vaisi imakankha mofanana ndipo siphwanya mkombero wa kutsinde. Zonsezi muzichita pa chigoba chopanda onga komanso chopanda primer yamoyo (kaja kakutsinde koyatsa onga).

Mukasowa die yoteroyo, pemphani mnzanu wa press (makina ofinyira zigoba omangirira pa tebulo) akufinyireni. Koma dziwani kuti ma die a 310 ndi ang'onoang'ono, mazinga ake ndi osiyana ndi a 7/8-14 omwe ali pa ma press amakono, ndiye sangalowe popanda adapter.

Pali china chomwe simunafunse koma sindingachisiye. Bungwe la SAAMI, lomwe limaika miyeso ya zipolopolo ndi ma chamber ku America, linakhazikitsidwa mu 1926. Zida za Ideal ndi Winchester za m'mbuyo mwa chakacho zinapangidwa potsata miyeso ya nthawi yawo, choncho nambala yodindidwa pa chitsulo musaikhulupirire musanayeze. Pa mfuti za mtundu wa .44-40, mwachitsanzo, zipolopolo zakale zinali za mainchesi 0.427 m'mimba mwake, pomwe mfuti zambiri zatsopano zimafuna 0.429. Khosi lofinyidwa bwino liyenera kuchepera chipolopolo ndi mainchesi pafupifupi 0.002, ndipo pa mfuti ngati yanu, momwe zipolopolo zimandandalikana mu chubu n'kumakankhana, pakamwa pa chigoba pamafunikanso crimp yogwira, kutanthauza kupindira mlomowo m'kati kuti ulume chipolopolo. Ndipo ngati m'bokosi la agogomo muli kachikho koyezera onga kopanda pepala lake, kasungeni ngati chikumbutso. Mwina kanali ka onga wakuda, ndipo muyeso womwewo wa onga wamakono ungaphulitse mfuti m'manja mwanu. Onga muziyeza pa sikelo, potsata buku la makono la opanga ongawo.

Zigoba za anzanuzo ziunikeninso chimodzichimodzi, popeza simukudziwa kuti zawomberedwa kangati. Chong'aluka khosi, tayani. Chokhala ndi mzere wowala kuzungulira pafupi ndi tsinde, tayaninso: pamenepo mkuwa wapyapyala ndipo chingaduke mu chamber. Pindani nsonga ya kawaya n'kukanda m'kati. Kakakodwa pamzera, chigobacho chatha. Zotsalazo, mukazifinya, yezani kutalika kwake n'kudula zomwe zapyola mainchesi 2.039. Musanaikemo chilichonse, lowetsani chigoba chopanda kanthu mu mfuti, muone ngati lever ikutseka mosavuta. Zikawomberedwa mu Winchester yanuyo, ziikeni padera, ndipo kuyambira pamenepo 310 ija izitha kuzisamalira mpaka lever idzayambenso kulimba.