Galu wa bwana musamukhudze, abale anga

Mwana wa achemwali anga wangotha miyezi iwiri chitsikireni basi pa Mbare, kuno ku Harare ku Zimbabwe, koma ntchito yosamalira maluwa ku Borrowdale yamuthera kale. Galu anamudyera nsima, iye n'kumukwapula ndi mpini wa khasu. Usiku anandiimbira akulira: "Amalume, zoona andichotse chifukwa cha galu?" Eya, chifukwa cha galu.

Choyamba, inu obwera kumene, dziwani kuti kuno kuli lamulo lotchedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, ndipo a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, amalitsata ndithu. Kumenya chiweto, kuchimangirira padzuwa popanda madzi, kuchigoneka ndi njala, zonsezi ndi mlandu. Kwathu galu akayandikira mbale timatola mwala, palibe amafunsa. M'mayadi a ku Highlands kapena Avondale galu ali ndi dzina, bulangete lake, ndiponso khadi la katemera wa chiwewe. Woyandikana nanu akakuonani mukugenda, amajambula pafoni. Legeni yanu isiyeni ku Mwanza komweko.

Apa ndisabise, mtima umandiwawabe. Pakhomo pena pamene ndinagwirapo, galu akangotsimphina ankathamangira naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Ine nditadwala malungo, anandidula malipiro a masiku amene ndinagona. Sindidana ndi omenyera ufulu wa nyama, ndaona abulu okhala ndi zilonda zochititsa nthumanzi akupulumutsidwa ndi anthu amenewa. Koma ndinalakalaka munthu atandiyang'ana ndi chifundo chomwecho. Mukakwiya choncho, musaphwetsere mkwiyo pa galu, ovutika mudzakhala inu, makamaka ngati mapepala anu sali bwino.

Chachiwiri n'choopsa kuposa. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi ngaka, kuno amati haka, mungomusungira kapena mumupezere wogula, thawani. Opezeka nayo amagamulidwa zaka 9 kundende, ndipo kawirikawiri wokutumaniyo sapezekanso. Muzikumbukira mmene dziko lonse lapansi linaphokosera mkango Cecil utaphedwa kufupi ndi malo osungirako nyama a Hwange mu 2015. Nyama zakutchire kuno sachita nazo masewera.

Za mbuzi ya pa Khirisimasi kapena pa Eid, gulani ndithu, koma musaipanikize m'buti ya galimoto itamangidwa miyendo yonse, ndipo musakaizingire poyera m'yadi ya bwana musanapemphe.

Mnyamata uja pano akugona kwanga ku Mufakose. Lolemba ndipita naye kukapepesa, mwina angamupatse kalata yoti akapezere ntchito kwina.