Mafilimu akale akutuluka otumbuluka pa pulojekita, ndigule ina?

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Mzuzu. Akuti anagula kapulojekita kakang'ono ka LED, pa bokosi panalembedwa 1080p (kuchuluka kwa mizere ya chithunzi) ndi 9000 lumens (muyezo wa kuwala), cholinga choti Loweruka madzulo aziwonera mafilimu akale ndi bambo awo omwe amakonda za Charlie Chaplin ndi za makauboyi zija. Koma akuti chithunzi chikutuluka chotumbuluka, m'mbali mukumatsala mizere yakuda, akadina zoom anthu akumaoneka ofufuma, ndiye funso lawo ndi loti kodi asunge ndalama agule ina yodula?

Achimwene, musathamangire kugula ina kaye. Zambiri zomwe mwatchulazo zikuchokera m'chipinda chanu ndi mu menyu, makinawo mwina alibe mlandu waukulu.

Tiyambe ndi kutumbulukako chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Pulojekita siyitha kuponya mtundu wakuda, imangoponya kuwala basi. Chakuda chomwe mumawona pa chithunzi ndi khoma lanu lomwelo pamalo pomwe kuwala sikunafike, ndiye ngati m'chipindamo mukulowa kuwala kwa babu ya pakhonde kapena kwa pa mpata wa pakati pa malata ndi khoma, chakudacho chimasanduka chotuwa ndipo palibe batani lomwe lingakonze zimenezo. Pa mpira kapena makatuni simungadandaule kwambiri poti mitundu imabisa, koma filimu ngati Casablanca ya 1942 ija yonse inamangidwa pa mithunzi, nkhope ya Humphrey Bogart theka ili pa kuwala theka mu mdima, utsi wa fodya ukudutsa, ndiye mukaichotsera mdima mwaichotsera chilichonse. Khomani bulangeti lochindikala pa windo, makatani opepuka aja sathandiza. Zimitsani magetsi onse ngakhale a mukolido. Ndipo ngati makoma a m'mbali ndi siling'i zili zoyera mbee, dziwani kuti kuwala kumagunda pamenepo nkubwerera pa chithunzi, ndiye nsalu yakuda yopachika m'mbali mwa pomwe mukuwonetserapo imasintha zinthu kuposa momwe mungaganizire. Khoma lenilenilo likhale losalala, penti yake yosanyezimira, yoyera kapena yotuwirako pang'ono. Penti ya gilosi ayi, imapanga chibanga chowala pakati.

Za 9000 lumens zo musazitengere. Muyezo wodalirika ndi wa ANSI lumens, ndipo timakina tating'ono totchipa timeneti tikayezedwa choncho nthawi zambiri timangokwana mazana ochepa. Chochita nchosavuta, chepetsani chithunzi. Mukakulitsa m'lifupi kawiri, kuwala komweko kumagawika pa malo aakulu kanayi. Chithunzi cha mainchesi 100, kuyeza kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasa, chimakhala pafupifupi mamita 2.2 m'lifupi, kwa kamakina ngati kanuko nchachikulu kwambiri, sendezani pafupi ndi khoma mpaka chifike cha m'ma 70 muwone momwe chiwalire. Komanso 1080p ya pa bokosi kawirikawiri imatanthauza kuti pulojekitayo imalandira 1080p, koma native resolution yake, mizere yomwe imawonetsadi pa khoma, ili 720p kapena kutsikirapo. Ngati mukuwonera ma DVD musade nkhawa, DVD ya PAL, mtundu wa vidiyo wa kuno kwathu, ili ndi mizere 576 yokha.

Tsopano mizere yakuda ya m'mbaliyo. Chonde isiyeni, filimuyo inajambulidwa choncho. Kuyambira 1932 mpaka cha mu 1953 mafilimu a ku Hollywood ankajambulidwa pa 1.37:1 (m'lifupi poyerekeza ndi msinkhu wa chithunzi), pafupifupi 4:3 ya ma TV a chimbuyo aja, pomwe pulojekita yanu ndi ya 16:9, ndiye mpata uyenera kutsala kumanzere ndi kumanja. Chithunzi chotambalala chinabwera pamene TV inayamba kulanda anthu ku makanema ku America, The Robe ya 1953 ndiyo inali yoyamba kutuluka mu CinemaScope, njira yojambulira chithunzi chotambalala. Ndiye mukaika The Good, the Bad and the Ugly ya Sergio Leone ya 1966 muwona mizere yasamukira pamwamba ndi pansi poti iyo ndi 2.35:1. Apa ndi pomwe zoom imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa kumapeto kwa filimu imeneyi amuna atatu omwe ndi eni nkhani amaima motalikirana pabwalo la pakati pa manda, aliyense akuyang'ana anzake awiriwo, ndipo mukadula m'mbali mwawononga chomwe Leone ankafuna kuti muwone. Ambiri a ife amene tinakulira mu vidiyo sho tinawonera Enter the Dragon ya Bruce Lee pa tepi ya VHS itadulidwa kale m'mbali kuti ikwane pa ka TV, osadziwa kuti gawo lalikulu la chithunzi silinafike kwa ife, ndiye pulojekita ndi mwayi woti tiziwone zonse. Mu menyu pitani pa aspect ratio musankhe Auto kapena Original, ndipo muwonenso pa laputopu kapena pa kabokosi komwe mukuseweretsera poti nakonso kamatha kutambasula pakokha. Za pa TV zakale ngati Mr Bean yomwe inayamba mu 1990 nazonso ndi 4:3.

Mukadali mu menyumo, picture mode ikhale Cinema kapena Movie, Vivid ija imapangitsa zoyera kuoneka zabuluu. Sharpness tsitsani. Noise reduction zimitsani, timadontho tomwe timavinavina pa filimu yakale ndi ta filimu yeniyeniyo yomwe anajambulirapo, makina akatifufuta nkhope zimaoneka ngati zopaka phula. Ngati pali motion smoothing kapena MEMC nayonso zimitsani, filimu imayenda mafulemu 24 pa sekondi ndipo izi zimawonjezera mafulemu ongopeka. Keystone, yowongolera chithunzi makina akapendekeka, muigwiritse ntchito pang'ono momwe mungathere, bola kuika makinawo pa tebulo moyang'anizana bwino ndi khoma kusiyana ndi kuwapendeketsa nkumakonza ndi rimoti.

Simunatchule za mawu koma ndikudziwa kuti kasipika ka mkati mwa timakina timeneti kamapikisana ndi phokoso la fani. Lumikizani sipika ina iliyonse yabwinoko, ya waya ngati nkotheka poti Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu, muiike pansi pa chithunzi osati kumbuyo kwanu. Ngakhale za Chaplin zomwe anthu amati zopanda mawu, City Lights ya 1931 ndi Modern Times ya 1936, zili ndi nyimbo zomwe zimanyamula nkhani yonse, ndipo kwa bambowo ndi zabwino kuyambira chifukwa safunika kulimbana ndi Chingerezi chothamanga.

Mukachita zonsezi kwa milungu ingapo nkuwonabe kuti simukukhutira, apo ndiye ganizirani zogula. Mapulojekita a babu ngati a Epson, BenQ kapena Optoma, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito, amawala kwambiri kuposa kanuko, koma amadya mawati 250 mpaka 300 ndipo babu yake imatha pakapita maola masauzande ochepa pomwe LED amati imafika 20,000. Babu imeneyi imatentha kwambiri moti ambiri ukawazimitsa fani imapitiriza kaye kuiziziritsa, ndiye magetsi akamangozima mwadzidzidzi moyo wake umafupika, ka UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima, nkofunika ndithu. Ngati kwanu mumadalira sola, LED yomwe muli nayoyo ndiye mnzanu. Chinanso, ngati yomwe mukufuna kugulayo ndi ya mtundu wa DLP muiyese ndi filimu yakuda ndi yoyera musanalipire, anthu ena amawona timizere tofiira, tobiriwira ndi tabuluu tikuphethira akamasuntha maso, ndipo pa mafilimu oterewa ndi pomwe zimaonekera kwambiri. Ena saziwona nkomwe, ndiye mupite ndi bambowo akayese ndi maso awo. Mufunsenso wogulitsa akuwonetseni lamp hours, maola omwe babu yagwira kale ntchito, mu menyu, ndipo mutsegule pa fyuluta muwone fumbi, poti ndi fumbi lathu la mu Okutobala lija makina osatsukidwa amatentha nkumadzizimitsa okha filimu ili mkati.