Ndalama za agogo zija musazikweche

Achimwene, mwafunsa mmene mungatsukire ndalama zachitsulo zimene mwapeza m'chitini cha agogo ku Matero, mangwee a nkhope ya Kaunda ndi makobidi obooka pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuti ziwale musanagulitse. Brasso wopukutira zitsulo uja m'bwezereni pashelefu. Phulusa, mchenga, mankhwala otsukira mano, viniga, mandimu ndi Coca-Cola nazonso ayi. Kudera kwa ndalamazo si litsiro, ndi khungu limene mkuwa umadzipangira pa zaka zambiri, ndipo ogula ndalama zakale amafuna lomwelo. Zokwechera zimasiya timizere, zowawasa zimadya khungulo n'kusiya ndalama ili psuu ngati yosendedwa. Wodziwa akangoiyang'ana pagalasi lokuzira, mtengo wagwa pomwepo.

Zoyenera kuchoka ndi dothi, mafuta ndi zomata basi.

Yambani ndi maginito. Ma 1 ngwee ndi 2 ngwee a 1968 ndi amkuwa, koma a 1982 ndi 1983 ndi chitsulo chongokutidwa, ndipo amakakamira pamaginito. Amenewa asagone m'madzi, dzimbiri silichedwa. Zotsalazo ziviikeni m'kapu yagalasi, zamkuwa pazokha, zoyera monga 5, 10 ndi 20 ngwee pazokha, kwa masiku awiri kapena atatu, n'kumasintha madzi tsiku lililonse. Madziwo akhale aja othira m'batire yagalimoto, ndipo werengani botolo bwino, pangakhale asidi. Apampopi kapena apamjigo muno mu Lusaka ali ndi laimu wambiri (suzumirani m'ketulo mwanu muone), ndiye akauma amasiya mawanga oyera. Dothi likafewa, likankheni pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano konyowa, osati singano. Poumitsa, ingopsinjani ndalamayo pansalu yofewa ya thonje, osapukuta, ndipo muziigwira m'mphepete.

Zobiriwira zomera pandalama zili mitundu iwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Zonanda ngati ulimbo zimachokera ku timatumba tapulasitiki tofewa ta PVC. Mankhwala ake ndi acetone (mankhwala amadzi osungunula penti ndi zomata) weniweni, osati wochotsera penti wa zikhadabo, chifukwa uja amaikamo mafuta ndi zonunkhira. Thirani wongokwanira kumiza ndalama m'botolo lagalasi, vundikirani mphindi 10, kenako muitsukuluze mu acetone watsopano n'kuisiya iume yokha. Chitirani pamalo popita mphepo, kutali ndi mbaula, pakuti acetone amayaka msanga ndiponso amasungunula pulasitiki.

Koma zikakhala zobiriwira motuwa, zaufa, zobwereranso mukazichotsa, umenewo ndi mchere umene walowa mumkuwa ndipo ukuudya mothandizidwa ndi chinyezi. Acetone sangathandize. Ipatuleni ndalamayo kwa zinzake, muiike m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija topezeka m'bokosi la nsapato, makamaka dzinja likayamba.

Mukapezamo sheleni kapena tiki ya Southern Rhodesia ya 1946 kubwerera m'mbuyo, imeneyo ili ndi siliva. Musaikhudze ndi chilichonse, wogula aione ili choncho.