Chinzonono chakale ndi kusowa mwana m'banja

Achimwene, mwati munadwala chinzonono zaka zinayi zapitazo, munagula makapisozi pagolosale mafinya n'kuleka, kenako tchende limodzi linatupa. Lero mwatha zaka ziwiri m'banja popanda pathupi, abale akuloza chala akazi anu, pomwe inu mphamvu zilipo ndipo umuna ukutuluka bwinobwino. Mukufunsa ngati matenda aja angakhale gwero la vutoli. Inde, n'zotheka, ndipo kutuluka kwa umunako si umboni woti mukubereka.

Umuna ndi mbewu ndi zinthu ziwiri. Madzi amene mumawaonawo, pafupifupi onse amapangidwa ndi timatumba tiwiri ta kuseri kwa chikhodzodzo pamodzi ndi kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kotchedwa prostate. Zochokera m'machende sizipitirira magawo 5 pa 100 alionse, ndipo mbewuyo sioneka ndi maso. Ndiye mwamuna amene njira yake ya mbewu inatsekeka amagona ndi mkazi wake monga kale, amathira monga kale, koma madziwo alibe mbewu.

Kuseri kwa tchende lililonse kuli kachubu kopindapinda kotchedwa epididymis, komwe mbewu imakhwimira. Kataongoledwa kangafike mamita 6, koma n'kopyapyala kuposa ulusi ndipo kalibe njira yolambalala. Tizilombo ta chinzonono ndi ta chlamydia (matenda enanso opatsirana pogonana) timayambira mu mpita wa mkodzo. Tikapanda kufa tonse timakwera mpaka kukafika m'kachubuka, tchende n'kutupa, kutentha ndi kupweteka. Kutupa kukatha pamatsala chipsera, ndipo chipsera chimodzi chokha chimatseka njira yonse. Mankhwala amapha tizilombo koma sachotsa chipsera. Matendawa akalowa m'tchende lenilenilo, limatha kufota n'kumapanga mbewu yochepa, komanso kutupa kokhalitsa kumafooketsa mbewu moti imalephera kusambira.

Poti kwa inu kunatupa mbali imodzi, mwayi ulipo ndithu: tchende limodzi labwino limakwanira kupereka pathupi. Kusoweratu mbewu kumadza mbali zonse ziwiri zikatsekeka.

Chodetsa nkhawa ndi makapisozi aja. Chinzonono chimakonda kuyenda limodzi ndi chlamydia, amene mwa amuna ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Mafinya kuleka sindiye kuti zonse zatha. N'chifukwa chake kuchipatala amabaya jakisoni wa chinzonono n'kuperekanso doxycycline wa 100 mg, kawiri pa tsiku kwa masiku 7, ndipo ngati tchende latupa masikuwo amawonjezera kufika 10 kapena 14. Chinzonono cha masiku ano chinazolowera mankhwala ambiri akale, ndipo kumwa mapilisi awiri atatu n'kumene kumachilimbitsa. Ngati chlamydia anatsalira, mwina munapatsira akazi anu, ndipo kwa amayi amatseka machubu odutsa dzira mwakachetechete. Choncho pitani nonse awiri. Mukapatsidwa mankhwala, imwani nonse nthawi imodzi ndipo musagonane kwa masiku 7 kapena mpaka nonse mutamaliza, apo ayi muzingobwezerana.

Pemphani kuyezetsa umuna ku chipatala chachikulu kapena ku labu. Khalani masiku 2 mpaka 7 osathira, osapitirira apo. Thirani m'kabotolo ka kulabu komweko, osati mu kondomu, chifukwa mafuta ake amapha mbewu. Madontho oyamba asatayike poti ndiwo ali ndi mbewu yambiri. Mukathirira kunyumba, kabotoloko kasungeni m'thumba la malaya kuti kasazizire ndipo kafike pasanathe ola limodzi. Miyeso ya 2021 ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO imayembekezera umuna wosachepera 1.4 ml, mbewu 16 miliyoni pa ml imodzi, ndipo 42 pa 100 zikhale zikuyenda. Zotsatira zoyamba zikaipa musataye mtima. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, ndiye ngakhale malungo a mwezi watha amatsitsa nambala. Bwerezani pakatha miyezi itatu.

Kawiri konse mbewu ikapanda kupezeka, koma machende ali aakulu bwino ndipo homoni ya FSH (imene imalimbikitsa machende kupanga mbewu) m'magazi ili pamlingo wake, nthawi zambiri vuto ndi kutsekeka. Apo dokotala wa njira za mkodzo amatha kulumikiza njirayo ndi opaleshoni, kapena kutenga mbewu m'tchende momwemo kuti ikakumane ndi dzira mu labu. Zimenezi n'zodula ndipo zimachitika m'zipatala zochepa, koma zitsamba ndi mankhwala owonjezera mphamvu sizitsekula chipsera. Majakisoni a homoni yachimuna ya testosterone ndiye muwapeweretu, amaimitsa kupangika kwa mbewu.

Akakuyezani, ayezenso chindoko ndi HIV. Chindoko sichikonda kutseka njira, koma chimachotsa mimba kapena kupha mwana m'mimba. Ngati munakulira kunyanja, monga ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, ndipo munaonapo magazi mu mkodzo kapena mu umuna, auzeni adokotala. Likodzo silichokera m'kugonana koma limafikanso ku ziwalo zoberekera, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.

Kwa ena amene mukuwerenga: tchende likayamba kupweteka mwadzidzidzi kwambiri, makamaka kwa mnyamata, musaliyese chinzonono n'kumadikira. Litha kukhala kuti lapotokola, ndipo likapitirira maola 6 osachitidwa opaleshoni limatha kufa.